Za Ulendo wa ku Nyika, ndi Buku Limene Linatchukitsa Dzikolo

Masiku ano wafala mwambo wabwino wakuti ana a sukulu, achinyamata a mumpingo ndi magulu a amayi asonkha ndalama, nabwereka galimoto, napita kukaona malo omveka a dziko lathu. Ambiri athamangira kunyanja ku Salima pakuti ndi pafupi, ena apita ku Kasungu kukaona njovu. Ife, anthu owerengeka a kuno ku Nsaru ndi kwa Kabudula, tinapita ku Nyika m'mwezi wa Julayi, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Popeza ambiri atifunsa ngati ulendo wotere uyenera ndalama zake, tati tiwayankhe onse pamodzi pano. Yankho lalifupi ndi lakuti inde, uyenera. Koma tili ndi mlandu ndi kaonedwe kamene alendo aphunzitsidwa kuonera dziko lija, kamene ifenso tinapita nako, ndipo mlanduwo ndiwo watigwiritsa cholembera.

Ulendo wake ndi wautali. Tinalawirira mbandakucha, tinagwira msewu waukulu wa kumpoto, kupyola Kasungu, Jenda, nkhalango ya Chikangawa ndi Mzuzu, ndi kukagona ku Rumphi. Kuchokera pamenepo mudzera ku Bolero, mulowa pa chipata cha Thazima, ndi kukwerabe pa msewu wadothi kufikira ku Chelinda, kumene kuli nyumba za alendo. Kuchokera ku Rumphi ndi makilomita oposa 100, koma galimoto iyenda ngati ngolo yosenza njerwa. Panjira msewu utsata malire a Zambia, pakuti nawonso ali ndi kachigawo kakang'ono ka phiri lomwelo.

Poyamba mukwera pakati pa mitengo ya mombo ndi masuku, yonga imene makolo athu anaipeza kuno asanaithe ndi nkhwangwa. Kenaka mitengo itha. Ife obadwira pa chidikha cha Lilongwe tiyesa kuti tidziwa dziko loyera. Koma kwathu diso liima msanga pa munda wa wina, pa chigafa cha fodya, kapena pa mitengo ya kumanda. Kumeneko diso silipeza poima. Zitunda zaudzu zitsatana, china kuseri kwa chinzake, kufikira kumene thambo ligwa. M'makwawa mokha ndimo muli tinkhalango tobiriwira, tooneka ngati tinabisala. Dzikolo lakwera mamita oposa 2,000, ndipo nsonga yake yotchedwa Nganda ipyola 2,600, pamene kuno kwathu tikhala pa 1,100 kapena kupitirira pang'ono. M'mawa tinapeza mame atauma pa udzu, oyera ngati mchere, ndipo wina mwa ife amene anaseka mkazi wake pomulongedzera mabulangete awiri anagona atavala jekete ndi nsapato zomwe.

Nyama tinaziona, ndipo sizibisala pakuti palibe pobisala. Mbidzi ziyenda m'magulu pafupi ndi msewu. Chilembwe, chimene ambiri a ife tinangochimva m'nthano, chinaima pa chitunda ndi kutiyang'ana, nkhope yake yolembedwa zoyera ndi zakuda. Ntchefu zinadutsa patali, zazikulu koposa ng'ombe zathu za pangolo; mphoyo ndi njiri zinali m'madambo. Nyalugwe anena kuti aliko ambiri, koma ife sanatilemekeze. Njovu 34 anazitengera kumeneko kuchokera ku Liwonde m'chaka cha 2017, koma izo zikonda mitengo ya kumunsi, ndipo sitinazione. Tsiku loyamba lonse tinangokhala tili kuwerenga: mbidzi zingati, zilembwe zingati, ndani wajambula bwino pa foni. Madzulo tinakangana za chiwerengerocho monga anthu ochokera ku msika.

Mmodzi yekha sanawerenge nafe. Ndiye mkulu wina wa kwa Kabudula, amene anayamba kuweta ng'ombe za amalume ake asanavale kabudula, ndipo aziweta kufikira lero. Paliponse pamene galimoto inaima, iye anagwada, nazula udzu, naupotokola m'zala, nautafuna. Nafukula dothi ndi ndodo yake, nalinunkhiza. Pamene tinamuseka, anati, "Inu muli kuona nyama, ine ndili kuona chimene chazisunga." Nanena kuti udzu wa pamwamba ndi waufupi ndi wouma mtima, wosiyana ndi nsenjere kapena kapinga wa m'madambo mwathu, kuti ng'ombe ingakhute nawo pa dzinja, koma pa chisanu chotere ikaonda, ndi kuti mbidzi zonse zimene tinaziwerenga zinali pa lupsa, pamene osunga malowo anatentha msanga ndipo msipu unali kuphuka. Tinayang'ananso, ndipo zinali momwemo.

Mkuluyu sanadziwe kuti funso lake linafunsidwa kale ndi boma la Angerezi. M'chaka cha 1949 bungwe lotchedwa Colonial Development Corporation linatuma mzungu wa ku South Africa, Laurens van der Post, kuti akaone ngati mapiri a Mulanje ndi Nyika angasunge ziweto zambiri. Za ng'ombezo sizinachitike. M'malo mwake, m'zaka za m'ma 1950, anabzala mitengo ya paini ku Chelinda poyesa ngati ingakule ndi kupangidwa mapepala, ndipo anatseka timitsinje ndi kuikamo nsomba zachilendo zoti azungu aziwedza. Koma munthu uja atabwerera analemba buku la Chingerezi, Venture to the Interior, limene linatuluka m'chaka cha 1952, nilifala kwambiri ku Ulaya. Ndilo linamveketsa dzina la Nyika kunja, ndipo kufikira lero alendo ena afika nalo m'thumba.

Bukulo taliwerenga, ndipo tiliyamikira chimene liyenera. Mwini wake adziwa kulemba. Nkhungu, mphepo ndi kukula kwa dzikolo azigwira bwino, kotero kuti amene anafikako avomereza. Koma chilema chake ndi chachikulu: wolembayo ali kudziyang'ana yekha. Phiri likhala ngati kalilole woonetsa mtima wake, maloto ake ndi zimene anasauka nazo pa nkhondo. Anthu akuda amene anamunyamulira katundu ndi kumulozera njira angodutsa m'mbali mwa nkhaniyo. Wowerenga atseka buku ali kuganiza kuti uyu analowa m'dziko losadziwika ndi lopanda mwini. Chikhalirecho amishoni a Livingstonia anakhala ku Khondowe, patsinde pa phiri lomwelo chakum'mawa, chiyambire 1894, ndipo eni dziko anayenda njira zake kale amishoniwo asanabadwe. M'chaka cha 2001 wolemba wina, J. D. F. Jones, anatulutsa mbiri ya moyo wa van der Post, naonetsa kuti munthuyo anazolowera kukometsera nkhani zake koposa choonadi. Ife sitinadabwe.

Sitinena izi kuti tikangane ndi munthu wakufa. Tinena chifukwa kaonedwe kake sikanafe naye. Mlendo wa lero, ngakhale Mmalawi, apita ku Nyika kukafuna dziko loyera lopanda munthu, ndipo akalipeza akondwa, osafunsa kuti linayera bwanji. Ifenso tsiku loyamba tinatero.

Tsiku lachiwiri mkulu uja anafunsa mnyamata wotiperekeza kuti, "Kodi mwana wanga, eni ake a dziko lino ali kuti?" Mnyamatayo anayamba wakhala chete, ndipo anati, "Agogo, alendo safunsa zimenezo. Koma popeza mwafunsa, tiyeni." Natitengera ku kanyanja kotchedwa Kaulime. Madamu a ku Chelinda ndi okumba anthu, koma aka ndi kachilengedwe. Anthu akale anakhulupirira kuti m'menemo mukhala njoka yaikulu ya mizimu, ndipo pa chilala anadza ndi nsembe kudzapempha mvula. Ife a kuno sitinasowe womasulira, pakuti tidziwa za Makewana wa ku Msinja, patsinde pa Dzalanyama, ndi njoka yake Thunga. Sitipembedza zimenezo, koma tidziwa kuti anthu sathira nsembe m'dziko la eni. Pamene pali kachisi pali mwini.

Maumboni ena alipo. Kumwera kwa phirilo kuli phanga la Fingira, m'mene akatswiri anafukula mafupa a anthu amene anaikidwa zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, pamodzi ndi zida zawo zamiyala, ndipo pa thanthwe pali zolembalemba zawo. M'malo ambiri muli zotsala za ng'anjo, m'mene osula anasungunula chitsulo cha makasu ndi mikondo. Ndipo m'mapiri ndi m'zigwa zozungulira mwakhala Aphoka, anthu olankhula Chitumbuka, odziwa kulima pa mtsetse poti ife tingagwe ndi khasu lomwe. M'masiku a nkhondo za Angoni ambiri anathawira pamwamba, napirira chisanu kuti apulumuke nthungo.

Tiyenera kunena moona. Pamwamba penipeni, pamene pali udzu wokhawokha, sipanakhale midzi yambiri nthawi iliyonse. Pazizira koposa, ndipo dothi lake silikondwera ndi chimanga. Amene anati kulibe anthu sananame konsekonse. Koma aliyense woweta ng'ombe adziwa kuti malo opanda nyumba sali opanda mwini. Dambo la kwathu lilibe khomo ngakhale limodzi, koma yesani kulitchinga ndi waya muone ngati mudzi sudzuka. Pamwamba pa Nyika panali posaka, pofula uchi, posula, popempha mvula, ndi njira yodutsa popita kwa abale tsidya lina.

Malowo anakhala paki, ndiko kuti malo a boma osungiramo nyama, m'chaka cha 1965, ndipo ndiyo inali yoyamba m'Malawi. Poyamba inali ya pamwamba pokha. M'chaka cha 1978 anaikuza kuposa katatu, kufikira masikweya kilomita oposa 3,000, nameza mapiri ndi zigwa m'mene munali midzi. Anthu zikwi zingapo anasamutsidwa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wouzidwa kuti choka sanafunse kuti chifukwa ninji. Anasiya minda, nthochi ndi manda a makolo awo. Ndipo anthu obadwira ku mphepo yozizira anakakhala kumunsi kotentha, kumene kuli udzudzu. Ambiri a iwo ndi ana awo ali moyo lero m'midzi ya m'mphepete mwa malire, ali kuyang'ana zitunda zimene anabadwirako. Mlendo adutsa pakati pawo popita ku Thazima, galasi la galimoto litatsekedwa chifukwa cha fumbi.

Palinso mlandu wina umene anthu awa anasenzetsedwa. Akuluakulu a za nkhalango m'masiku a atsamunda anaona tinkhalango ta m'makwawa tija, naganiza kuti kale phiri lonse linali nkhalango, ndi kuti anthu akuda analiyeretsa ndi moto wawo. Koma m'zaka za m'ma 1980 ophunzira anaboola matope akuya a m'madambo a pamwamba, nayesa fumbi la maluwa limene lagona m'menemo m'mizeremizere, chaka pamwamba pa chaka. Napeza kuti udzu wakhala ukulamulira dzikolo zaka zoposa 10,000. Moto wa anthu unadya ndithu m'mbali mwa tinkhalangoto, ndipo udyabe. Koma udzuwo suli chipsera cha kupusa kwa munthu. Ndipo taonani, osunga paki eni ake atentha chaka ndi chaka, udzu usanaumitsitse, kuti moto wa m'chilimwe usapeze chakudya chambiri. Ndi nzeru yomweyo imene abusa a ng'ombe anaidziwa kale pofuna msipu.

Tsono wina angati, ngati zili choncho, pasulani pakiyo, anthu abwerere. Apa ndipo lilime lathu lilemera, pakuti tinaona chinthu china chimene sitingachibise. Dambo lililonse la pamwamba paja linali ndi madzi m'Julayi, oyera, oyenda. Popondapo nthaka inyefuka ngati chinkhupule. Madzi amenewo ndiwo atsika nakhala Rukuru wa kumpoto, Rumphi ndi Wovwe, nathirira mpunga wa ku Karonga ndi kuzunguza makina a magetsi pa Wovwe. Akhalapo chifukwa khasu silinafikepo. Mkulu wathu anaima pa dambo lina nthawi yaitali, ndipo anati, "Dambo la kwathu linali lotere ine ndili mwana."

Ananena zoona, ndipo okalamba a ku Namitete, ku Mpingu ndi ku Nambuma angachitire umboni. Dziko lathu lino linali la ng'ombe chifukwa cha zinthu ziwiri: kashembe amene asautsa m'tchire la ku Kasungu sanakhazikike kuno, ndipo madambo otsikira ku Namitete, ku Nambuma ndi ku Bua anasunga msipu ndi madzi kufikira mvula. Pamene boma linayamba ntchito yaikulu yotukula ulimi m'chigawo cha Lilongwe m'chaka cha 1968, ndi kuyeza minda ya mabanja ndi kuimika ndunda, madambo anawasiya kuti akhale a mudzi wonse. Koma powerenga anthu m'chaka cha 1966 dziko lino linali ndi anthu 4 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2018 anapitirira 17 miliyoni. Minda yachepa, ndipo madimba a tomato, kabichi ndi nzimbe atsika kufikira pa madzi penipeni. Oumba njerwa akumba maenje. Bulugamu wamwa zotsala. Lero mnyamata woweta ayenda ndi ng'ombe m'mphepete mwa msewu, chikwapu m'manja, mtima uli m'mwamba kuopa mlandu wa dimba la mwini. Palibe msilikali anatichotsa pa dambo lathu, palibe boma linatilanda. Tinagawana tokha, mzere ndi mzere, ndipo aliyense amene anatenga mzere wake anali ndi ana anjala ndi chifukwa chomveka.

Chifukwa chake sitingathe kutsutsa Nyika monga anthu oyera m'manja. Udzu ndi madzi zimene tinakaziona zasungidwa ndithu, ndipo mwina popanda malire aja zikadatha monga zathu. Chimene titsutsa ndi ichi: kuti mtengo wake unalipidwa ndi anthu amene sanafunsidwe, ndipo pofotokozera mlendo dzina lawo lisiyidwa, monga ngati phirilo linagwa kuthambo lili loyera. Buku la van der Post linabisa anthu amene analipo. Mlendo wa lero aiwala anthu amene anachotsedwa. Kwa ife kuiwala kwachiwiriku ndiko koipa, pakuti oiwalawo tsopano ndife Amalawi anzawo.

Zina zakonzeka, ndipo tizitchule. Anthu a m'mphepete aloledwa kupachika ming'oma ya njuchi mkati mwa malire, ndipo ali ndi bungwe lawo limene lilandirako gawo la ndalama za alendo. M'chaka cha 2023 boma linapangana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti asunge Nyika ndi Vwaza pamodzi zaka 20, ndipo analonjeza kuti midzi idzakhala ndi mawu. Tidzaona. Koma njala siidikira mapangano. Pamwamba paja pamera mitundu yoposa 200 ya maluwa ena a m'dothi okhala ndi timbatata, ndipo timbatatato ndito chinaka kapena chikande, chimene chigulidwa bwino ku Zambia. Amayi ndi anyamata akwera mobisala kukakumba, ndipo akagwidwa aimbidwa mlandu. Kukumbako kuononga, pakuti duwa lokumbidwa muzu silimeranso, sitikukometsa. Tingonena kuti wokumbayo kawirikawiri ndi mdzukulu wa munthu amene anakumba pomwepo popanda womufunsa.

Kwa inu amene muli kusonkha ndalama za ulendo wotere, malangizo athu ndi ochepa. Ngati mufuna maluwa, pitani pa dzinja, mu Januwale kapena Febuluwale, koma mudziwe kuti msewu uterera. Ngati mufuna msewu wouma, pitani monga ife, ndipo mumvere akazi anu za mabulangete. Mafuta a galimoto mudzaze ku Rumphi, ndipo ufa ndi ndiwo munyamule. Musapite achinyamata okhaokha; mutenge wokalamba mmodzi wodziwa ng'ombe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo achinyamata athamanga. Wokuperekezani mumufunse za Kaulime, za ng'anjo, ndi za kumene agogo ake anabadwira. Ambiri a iwo ndi ana a komweko, ndipo adziwa zambiri koposa zimene afunsidwa. Pobwerera muime ku Bolero kapena pa mudzi wina wa panjira, mugule uchi kwa eni ake, mukhale pansi pang'ono.

Mkulu wathu uja, atafika kwawo, sanafotokoze za mbidzi, ndipo adzukulu ake anakhumudwa. Mlungu womwewo anapita kwa anyakwawa, napempha kuti pa dambo la mudzi wawo pasiyidwe mpata wa mapazi makumi awiri mbali zonse ziwiri za madzi, wosalimidwa ndi wosaumbidwa njerwa, ndiponso njira imodzi yoti ng'ombe zizitsikira kukamwa. Eni madimba asanu akana, ndipo mmodzi wa iwo ndi mphwake, amene alipira sukulu ya ana atatu ndi tomato wa pomwepo. Nkhaniyo yakambidwa pabwalo kawiri. Anyakwawa anena kuti adzaiitananso mvula isanagwe.